Chitseko cha Mng'ono Wanga Weston

Mng'ono wanga Weston amadula mapepala. Ndi ntchito yake, ndi matenda akenso. Mukandifunsa kuti akadula amapanga chiyani, ndikuyankhani mmene ndakhala ndikuyankhira anthu a ku Kawale zaka zonsezi: palibe. Amatenga sizasi n'kudula kalendala yakale, katoni ya sopo, thumba la simenti, kenako tizidutswato n'kumata pa bolodi ndi phala la ufa wa chinangwa. Mukayang'ana simuona munthu, simuona mbuzi, ngakhale mtengo umene. Mumangoona zofiira apa, zakuda apo, kachikasu kopindika pakati, basi. Iye amati ndi luso. Ine ndimati ndi dzala lopachika pakhoma.

Ine ndine Peterson, mkulu wake, ndipo ndinali nkhoswe ya banja lake. Ndimakazinga tchipisi pa chiwaya, pamsewu wochoka ku Kawale kulowera ku Biwi, ndipo kwa ine pepala lili ndi ntchito ziwiri zodziwika: kukulungira chakudya, ndi ina ija ya kuchimbudzi. Zimene ndikufuna kukuuzani ndi za chaka chatha, pamene banja la Weston ndi mkazi wake Ireen linatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha chitseko chimodzi chomatidwa mapepala. Amene anapita ndi machesi m'thumba kukachiwotcha kuti banjalo lipulumuke ndine.

Misala imeneyi sinayambire m'tauni ayi. Kwathu ku Nambuma, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anadula chikuto cha buku la nyimbo la amayi ndi lezala, n'kumata tizidutswato pakhoma la khitchini ndi phala lotsala m'mbale. Amayi anamukwapula mpaka kamtengo kanathyoka. Atatonthola anamufunsa chimene amajambula, iye n'kuyankha kuti samajambula kanthu, amangofuna kuti chobiriwira chija chikhale pafupi ndi choyera. Tamvani yankho lake! Anzake akuumba ng'ombe zadothi za nyanga ndi linunda lomwe, iye ali kalikiliki kuika chobiriwira pafupi ndi choyera. Amayi anangogwira pakamwa, nati mwana uyu tidzamuona.

Sukulu anailekezera Fomu 2. Ndinamuitanitsa ku Lilongwe kuno kuti adzandisendereko mbatatesi, koma munthu wake ankatha kuima ndi khoko limodzi m'manja akuona mmene lapindikira, makasitomala ali pamzere. Ndinamuthamangitsa sabata yachitatu. Mwayi wa chitsiru, mkulu wa mpingo wina anamupezera malo pa kampani ina yosindikiza mabuku ndi makalendala, pa makina odulira mapepala. Kunali kutsekera mbuzi m'munda wa chimanga kumeneko. Madzulo alionse ankabwera ndi thumba la zotsalira, timizere tofiira, tabuluu, tagolide, zimene anzake ankasesa n'kutaya. Ntchito amaigwira bwino, pamenepo sindingamunamizire. Zaka zoposa makumi awiri sanajombepo, ndipo zala zake zonse khumi zilipo, pamene ena anasiya zawo pa makina omwewo.

Kumuonerera akupanga zinthu zakezo kumatopetsa. Sayamba wajambula ndi pensulo ngati anthu anzeru. Amangolowetsa sizasi n'kumatembenuza pepala, sizasi ili malo amodzi, pepala ndi limene likuyenda. Akadula amayala tizidutswato osamata, n'kuimirira, n'kubwerera chambuyo mpaka kugunda khoma, diso limodzi atatsinzina. Kenako amasuntha kachidutswa kamodzi pang'ono chabe, mwina utali wa chikhadabo, n'kubwereranso kukhoma. Amatha Lamulungu lathunthu akuchita zimenezi, amuna anzake ali ku mpira. Phala lomatira amaphika yekha m'kachitini, amalisefa pa kansalu, amalilawa ndi chala ngati la mwana wodwala. Koma mumuuze aphike ndiwo muone.

Tsiku lina mayi wina wa ku Area 47, amene anapita ku kampani kuja kukasindikizitsa makadi a ukwati wa mwana wake, anaona bolodi imodzi n'kuikonda, n'kupita nayo kwawo. Weston pokapereka makadiwo anaipeza itapachikidwa pabalaza chadodolido, kumutu kuli pansi. Mukuganiza kuti anakwiya? Anabwera akumwetulira, akuti mwina mayiyo ndi amene akulondola. Ndiye mundiuze, chinthu chopanda kumutu ndi kumiyendo, choti mwini wake yemwe sadziwa kumene chaloza, n'chinthu chimenecho? Ndinamulangiza kuti azijambula nkhope za anthu, kapena azilemba zikwangwani za masaluni ngati Idrissa wa ku Mchesi, amene wamanga nyumba ya malata ndi burashi yokha. Anati, ndamva achimwene. Ndi mmene amakanira iyeyo, ndipo wakhala akundimva chonchi kuyambira ali mwana.

Mkazi anapeza wabwino kuposa mmene amayenera. Ireen ndi wa ku Area 25, amagulitsa kaunjika pamsika, pakamwa m'pakuthwa koma mtima ndi woyera. Pa chinkhoswe ndinamuchenjeza mwanthabwala kuti akukwatiwa ndi awiri, mwamuna ndi sizasi. Anaseka, nati bola sizasi kusiyana ndi botolo. Mfundo anali nayo, chifukwa Weston samwa, samenya, sayendayenda. Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti aone mwana, ndipo anabadwa mmodzi yekhayo, mtsikana, Chisangalalo. Chisa anali wanzeru kuposa makolo ake onse awiri mutawonjezerapo ine. Ankalemba zilembo zozungulira bwino ngati zosindikiza, ndipo makope ake ankawasunga kuyambira Sitandade 1, osataya ngakhale limodzi. Akamachokera kusukulu ankaima pa chiwaya, bambo aakulu taonani, kundionetsa mmene aphunzitsi amuchongera ndi bolopeni yofiira. Ine n'kumupatsa tchipisi cha pamwamba, chouma bwino.

Chisa anamwalira mu Epulo chaka chatha, ali Sitandade 5. Malungo. Lachiwiri anadandaula mutu, Loweruka tinali kumanda. Sindinena zambiri pamenepa. Ireen analira mpaka mawu anatha. Weston sanalire. Anakhala pampando kunja kwa siwa, manja pa mawondo, maso pansi, ndipo anthu anaziona. Ku Kawale anthu amaona chilichonse, makamaka chimene sichikuwakhudza.

Tsiku losesa, akuluakulu tinagwirizana monga mwa mwambo kuti katundu wa mwana achoke m'nyumba, mayi ake asamangokumana naye. Zovala tinagawira ana a achibale, nsapato zinapita kumudzi. Kunatsala thumba la makope. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye ine monga wamkulu ndinati ndipatseni, ndikawotcha. Ndinalisenza mpaka ku chiwaya, ndipo ndikulumbira kuti cholinga chinali chowotchadi. Koma masiku amenewo majumbo anali atavuta, mapepala okulungira ndinkachita kupemphetsa m'maofesi ndi m'masukulu, ndiye apa ndikuona thumba lathunthu, mapepala ouma bwinobwino. Ndinadziuza kuti moto ndi mafuta n'chimodzimodzi, konseko n'kutha. Ndinang'amba makopewo pakatipakati n'kusakaniza ndi ena a m'katoni yanga. Ine pepala sindiwerenga, ndimakulungira.

Patatha masabata awiri Ireen anandifunsa. Anati, alamu, makope aja sanatsaleko ngakhale limodzi, ndizingoonako dzanja lake? Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ndinawotcha onse tsiku lomwelo. Ndipo poti bodza silikoma lopanda ndiwo, ndinawonjezera kuti ndinayamba ndawapempherera. Anagwedeza mutu, nathokoza. Kuchipinda cha mwanayo sanapondekonso kuyambira pamenepo. Anatseka, n'kumadutsa ngati palibe khomo.

Chakumapeto kwa Meyi Weston anatulukira pa chiwaya akuchokera kuntchito, atawonda, kolala ikumuzungulira m'khosi. Ndinamukulungira tchipisi ndi kabichi n'kumukhazika pa benchi. Anatola kawiri katatu, kenako anasiya. Ndinamuona akukhuthulira tchipisi chija pa benchi, akuwongola pepala pabondo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinati mumtima, zayambika, munthu waferedwa koma akuonabe mmene mafuta ayendera papepala. Anandifunsa motsitsa mawu ngati mapepala a mtundu umenewo atsalako. Ndinati katoni ndi iyo, yatsala pang'ono kutha. Anagwada n'kuyamba kuwatembenuza limodzilimodzi, makasitomala akuonerera. Anasankhamo asanu ndi awiri kapena atatu n'kuika m'thumba la shati. Ndinamukalipira kuti asandichititse manyazi pa bizinesi. Anandiyang'ana kamodzi ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti zikomo achimwene, n'kumapita. Tchipisi chija anadya agalu.

Kuyambira pamenepo ndiye kunali chionetsero chaulere. M'mawa uliwonse asanakwere minibasi, ndi madzulo akaweruka dzuwa lisanalowe, bambo wapantchito, wovala shati yosita, ankayenda chowerama m'ngalande za msewu wa ku Biwi ndi kamtengo m'manja. Ankatokosa m'madzala, m'mipanda ya udzu mmene mphepo ya Julayi imakankhira zinyalala, pansi pa mabenchi, kuseri kwa mashabini. Pepala lililonse lamafuta ankalitola, kuliwongola, kuliyang'ana. Ambiri ankataya, limodzilimodzi n'kusunga. Anafika pogogoda m'makomo mwa makasitomala anga, odi, ndingaoneko padzala panu? Anyamata a kabaza anamupatsa dzina loti a Khonsolo, ngati aja otola zinyalala mumzinda, ndipo akamadutsa ankamuimbira mabelu. Ine ndinkangoyang'ana m'chiwaya, kutembenuza mbatatesi zosafunika kutembenuza.

Zimene ankatolazo ankalowa nazo kuchipinda cha malemu mwana uja, kumene Ireen sankapondako. Mabolodi ake anamuchepera, ndiye anapeza chitseko chakale kwa kalipentala n'kuchigoneka pa njerwa. Ndinasuzumirako kamodzi ndili pakhomo, osalowa, chifukwa cha fungo la mafuta akale. Ndinaona zachizolowezi zomwe zija: tizidutswa totuwa tambirimbiri, tina ngati mwezi wongooneka kumene, tina ngati khutu, tikuzungulirazungulira, apa ndi apo kofiira. Pakati penipeni panali malo aakulu ngati mbale, opanda kanthu, thabwa lokhalokha. Ndinamufunsa monyogodola ngati zinyalala zatha m'Kawale muno kuti ndikamutengere zina kumadzala a ku Mgona. Anadzuka n'kuphimba chitsekocho ndi chitenje.

Tsopano muziike pamodzi. Mwana mmodzi yekhayo wamwalira mwadzidzidzi, bambo ake sanagwetse msozi, kenako wayamba kutola zinyalala m'misewu n'kumadzitsekera nazo kuchipinda cha malemuyo. Ku Kawale sipafunika digiri kuti nkhani yotere imalizidwe. Amayi a pa kiyosiki ya madzi anaimaliza m'mawa umodzi, ndowa zisanadzaze n'komwe: wakhwima. Akuti sing'anga anamuuza kuti chizimba chake n'kutola zinyalala chaka chathunthu, ndipo akamaliza tidzaona minibasi zitatu pakhomo. Anthu omwewo amene anadya nafe pamaliro, n'kuimba mpaka kusasa mawu! Wina anachita kulumbira kuti anamumva akulankhula ndi chitsekocho. Angapo ndinawatukwana, poti chibale ndi fupa, koma ndikaganiza za kamtengo kaja ndi shati yosita, mawu ankandithera. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti Weston ngakhale kukhwima kumene sangakuthe. Akanafika kwa sing'anga n'kuyamba kusirira mitundu ya mikanda.

Ireen anapirira mpaka Okotobala. Kumsika mphekesera, kunyumba mphemvu zikutuluka pansi pa khomo la chipinda cha mwana wake, mwamuna ali chete. Akamufunsa chimene akuchita m'menemo, yankho linali lakuti sanamalize. Akamufunsa ngati amamukumbuka n'komwe mwanayo, iye n'kungodzuka kukaphika phala lake. Tsiku lina Ireen analongedza zovala n'kupita kwa malume ake, a Ephraim, ku Area 25. A Ephraim ndiwo nkhoswe ya kuchikazi, mphunzitsi wopuma ntchito, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya boma. Anandipeza pa chiwaya n'kundiuza mawu a Ireen. Akuti za kukhwimazo sakuzikhulupirira kwenikweni, koma watopa kukhala ndi munthu wosamala zinyalala, woiwala mwana wake miyezi isanu isanathe. Chitseko chiwotchedwe pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, chipinda chikolopedwe, apo ayi ukwati watha. Ndinavomera pomwepo, ndipo kunena zoona ndinakondwa. Ndinati, ankhoswe anzanga, machesi ndibweretsa ndine.

Lachinayi madzulo ndinamupeza Weston akutsuka kachitini kake pampopi. Ndinamuuza zonse, ndipo mawu sindinasankhe. Ndinati zaka makumi anayi ndi ziwiri, imvi zayamba, ukusinthanitsa mkazi ngati Ireen ndi zinyalala za m'ngalande, sukuchita manyazi? Ndinamuuza kuti anene chinthu chimodzi chokha, chitsekocho n'chiyani, kuti mwina ndikamulankhulireko.

"Sindinganene, achimwene," anatero. "Makamaka kwa inu."

Ndinamva ngati wandinyoza, kuti ndine wapachiwaya, za luso sindingazimvetse. Ndinalavula pansi n'kuchoka.

Loweruka masana kunatentha kwambiri, kutentha kuja kwa Okotobala koitana mvula. Tinakhala pabwalo pansi pa mtengo wa mapeyala: ine ndi a Ephraim pamipando, Ireen pamkeka, Weston pa njerwa. Anthu oyandikana nawo anapeza zochita pafupi ndi mpanda, mayi wina akuyanika zovala zouma kale. A Ephraim anatsegula ndi pemphero n'kufotokoza nkhani yonse mwadongosolo. Atafunsa Weston ngati akulola kuti chitseko chiwotchedwe, iye anayang'ana mkazi wake, nati ngati ndi zimene zingamubwezere pakhomo, chiwotchedwe. Anangopempha kuti woyatsa asakhale iye. Ndinati usadandaule, ntchito imeneyo ili ndi mwini wake.

Ndinalowa ndekha, n'kuchisenza, n'kuchitsamiritsa pampanda wa njerwa, padzuwa. Chitenje chija ndinachichotsa mwamatama ngati ovundukula chiliza, ndipo kuseri kwa mpanda wina anaseka. Nditatsegula botolo la parafini, Ireen anadzuka, nati ayambe waona chimene chamulanda mwamuna. Anayandikira atapinda manja pachifuwa, n'kuima chapatali mmene tonse tinkaimira. Kenako anasendera. Anasenderanso, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda thabwa. Ndinaona manja aja akumasuka, ndipo anagwada.

Anaika chala pa kachidutswa kena kooneka ngati mwezi, n'kuwerenga mokweza: "Mayi anga amagulitsa kaunj…" Pepala linathera pomwepo. Chala chinapita pa kena, samu yochotsera, yochongedwa ndi bolopeni yofiira. Pa kena panali theka la dzina, Chisanga, ndi Sitandade 3 pansi pake. Zofiira zonse zimene ndinaziona ndili pakhomo zija zinali zochonga za aphunzitsi. Chitseko chonsecho, kuyambira pamwamba mpaka pansi, linali dzanja la mwanayo, tizidutswa mazanamazana. Apa m'pamene ndinaona chifukwa chake tinali topindikapindika. Ulendo uno Weston sankadula mmene wafunira. Sizasi yake inkatsata m'mphepete mwa mafuta ndi matope, kupulumutsa pamene patsala poyera, ngakhale patakhala chilembo chimodzi.

Ireen sanalire msanga. Anatembenuka ali chogwada n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Chisa, makope awa anawotchedwa. Mwawatenga kuti?"

Weston anayang'ana pansi. Ireen anamufunsanso kachiwiri, iye ali duu. Ine ndili chiimire, botolo la parafini dzanja ili, machesi dzanja ili. Ndinakumbuka benchi, pepala pabondo, mmene anandiyang'anira. Mwina ndinkadziwa kuyambira tsiku limenelo, mtima n'kumakana, sindikudziwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe wake ndinali ine. Miyezi isanu mng'ono wanga analola kutchedwa wamisala, wokhwima, a Khonsolo. Analola mkazi kumuchokera, analola ngakhale kuti chiwotchedwe, kuopa kunena pagulu kuti mkulu wake, nkhoswe yake, anakulungira tchipisi m'makope a mwana wake wakufa n'kunama kuti anawapempherera. Chitsiru chenicheni! Akanangonena tsiku loyamba lomwelo, ine ndikanatukwanidwa sabata imodzi n'kutha.

Sanafunike kunena. Ireen anasendeza nkhope pathabwa n'kununkhiza. Fungo limenelo Kawale yense amalidziwa. Anadzuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ndinayembekezera kuti atukwana, ndipo ndikanakonda akanatukwana.

"Alamu," anatero, "tchipisi chake chinkakoma?"

A Ephraim anandichotsa botolo m'manja mwakachetechete, mmene timalandirira mpeni kwa mwana. Kuseri kwa mpanda kunalibenso woseka, ndipo mayi wa zovala uja anali atazianula.

Kenako Ireen analoza pakati paja popanda kanthu, nafunsa mwamuna wake ngati m'pamene ankanena kuti sanamalize. Weston anavomera ndi mutu.

"Ndimafuna ndikuonetseni pakadzaza, mayi a Chisa. Koma mapepala ena anthu anapita nawo kutali, ena anayatsira mbaula. Mvula ikangogwa ndiye basi."

Atanena zimenezo analira. Bambo uja amene sanagwetse msozi pa siwa, kapena kumanda, analira mokweza atakhala pa njerwa, kukamwa yasa ngati mwana, ndipo mkazi wake anamugwira mutu. Ine ndi a Ephraim tinatuluka pageti popanda pemphero lotsekera. Sanandilankhule mpaka pa siteji, ndipo pokwera minibasi anangoti tionana, osandipatsa dzanja.

Ireen anabwerera tsiku lomwelo. Chipinda anakolopa yekha, chitseko anachipachika pabalaza, moyang'anizana ndi khomo, ndipo amachipukuta ndi kansalu kouma. Unkhoswe anandichotsa, pano ndi msuweni wathu Levi, ndipo sindinatsutse. Ireen tikakumana amandipatsa moni wa pamsewu, wouma, ndipo tchipisi sanadyenso kuyambira tsikulo, changa kapena cha wina. Amayi a pa kiyosiki aja lero akuti iwo ankadziwa kale kuti bamboyo ndi waluso, ndipo wina anabwera ndi alendo ake ochokera ku Chinsapo kudzawaonetsa. Minibasi zitatu zija tikuzidikirabe. Weston sanandinenepo kanthu mpaka lero. Amabwera pa chiwaya, amakhala pa benchi yomwe ija, ndikamulangiza amati ndamva achimwene. Zimenezo ndi zimene zimandipweteka, bola akanandimenya.

Ndinene chimodzi chimene ndinachita, ngakhale sichikundiyeretsa. Lamulungu ndi Lolemba lotsatira Loweruka lija sindinayatse chiwaya. Ndinathyola kamtengo n'kutsika m'ngalande zomwe zija, kuyambira pa benchi yanga mpaka ku Biwi, chowerama, bambo wamimba yanga. Anyamata a kabaza sanachedwe, anati a Khonsolo aakulu afika, mabelu ngwee ngwee. Ndinatembenuza mapepala osawerengeka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkawerenga zimene ndinakulungira. Malisiti, mayeso a ana a eni, makalata a maofesi. La Chisa ndinapeza limodzi lokha, litakodwa pa waya wa mpanda, lakuda ndi mafuta mbali zonse. Ndinapita nalo kwa Weston nditaligwira ndi manja awiri. Analiyang'ana padzuwa, nalitembenuza, natenga sizasi. Pa pepala lonselo anapulumutsapo kachidutswa kochepa ngati njere ya dzungu, kokhala ndi zilembo ziwiri. Anakamata m'mphepete mwa malo aja, nati zikomo achimwene. Lachiwiri mvula inagwa, ngalande zonse zinasefukira.

Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti zinthu za Weston sizifanana ndi kanthu, ndipo ndikunenabe. Panopa wayambiranso makalendala ake ndi makatoni a sopo, chobiriwira pafupi ndi choyera, zopanda kumutu ndi kumiyendo, ndipo musandifunse tanthauzo lake. Alendo akalowa pabalaza paja amaima patsogolo pa chitseko n'kumatsutsana, wina akuti ndi kamvuluvulu, wina akuti ndi maluwa, kenako amafunsa chifukwa chake pakati sanamatepo. Ine ndikakhalapo sindiyankha nawo. Pakati pamenepo ndi pokhapo pamene ndimapamvetsa pa ntchito yonse ya mng'ono wanga. Ndinapapanga ndine.